Albrecht Dürer: Mmisiri Amene Anafikitsa Ngwazi za m'Baibulo m'Manja mwa Anthu Wamba

Kalata yopita kwa Ahebri, pa mutu 11, imatiwerengera ngwazi za chikhulupiriro za m'Chipangano Chakale monga Abrahamu, Mose, Gideoni, Samsoni ndi Davide. Ife masiku ano tikafuna kudziwa za anthu amenewa timangotsegula Baibulo m'chinenero chathu n'kuwerenga. Zaka 500 zapitazo zinthu sizinali choncho ku Ulaya. Mabuku anali okwera mtengo, anthu odziwa kuwerenga anali ochepa, ndipo mkhristu wamba ankamudziwa Samsoni kapena Davide kudzera mu ulaliki wa ansembe ndiponso m'zithunzi. Lero tikufotokozerani mbiri ya Albrecht Dürer wa ku Germany, yemwe anakhala ndi moyo kuyambira mu 1471 mpaka mu 1528. Iyeyu ndi mmodzi mwa amisiri amene anachititsa kuti zithunzi za anthu a m'Baibulo, zomwe kale zinkaoneka makamaka pa makoma ndi pa maguwa a matchalitchi, zilowe m'nyumba za anthu zitasindikizidwa pa pepala.

Kubadwa ndi ubwana wake

Albrecht Dürer anabadwa pa 21 Meyi 1471 mumzinda wa Nuremberg. Bambo ake, omwe dzina lawo linalinso Albrecht, anali mmisiri wosula golide ndi siliva. Iwo anachokera ku Hungary ndipo anakhazikika ku Nuremberg mu 1455. Mayi ake anali a Barbara Holper. Banjali linabereka ana 18, koma amene anakula ndi atatu okha, chifukwa imfa za ana zinali zochuluka kwambiri nthawi imeneyo. Albrecht anali mwana wachitatu kubadwa.

Atachita sukulu zaka zochepa, mnyamatayu anayamba kuphunzira ntchito ya bambo ake. Kumeneko ndi kumene dzanja lake linazolowera kugwira kachitsulo kosongoka kogobera mizere pa chitsulo. Mu 1484, ali ndi zaka 13, anadzijambula yekha akudziyang'ana pa galasi, ndipo chithunzi chimenecho chikusungidwabe mumzinda wa Vienna. Mtima wake unali pa zojambula osati pa golide. Bambo ake anadandaula chifukwa cha zaka zimene anataya pomuphunzitsa, komabe anamulola, ndipo mu 1486 anakamupereka kwa Michael Wolgemut, mmisiri wotchuka wa mumzindamo, kuti akaphunzire kwa zaka zitatu.

Mzinda wa mapepala ndi mabuku

Kuti timvetse ntchito ya Dürer tiyenera kudziwa mzinda umene anakuliramo. Ku Nuremberg ndi kumene kunamangidwa fakitale yoyamba yopanga mapepala m'dziko la Germany mu 1390. Cha m'ma 1455 Johannes Gutenberg anasindikiza Baibulo la Chilatini ku Mainz, ndipo luso losindikiza mabuku linafalikira msanga. Bambo wa ubatizo wa Dürer, Anton Koberger, anali mmodzi mwa osindikiza mabuku akuluakulu mu Ulaya yense. Mu 1483 iye anatulutsa Baibulo la m'Chijeremani lokhala ndi zithunzi 109, zambiri mwa izo za nkhani za m'Chipangano Chakale. Ndi bwino tidziwe kuti Baibulo la m'Chijeremani linayamba kusindikizidwa mu 1466 ku Strasbourg, Martin Luther asanabadwe.

Panali njira ziwiri zosindikizira zithunzi. Yoyamba inali ya thabwa. Mmisiri ankajambula chithunzi pa thabwa losalala, kenako wosema ankachotsa ndi mpeni malo onse opanda mzere, n'kusiya mizere yokha itatukuka. Akapaka inki n'kupanikizapo pepala, chithunzi chinkatuluka. Thabwa limodzi linkatha kutulutsa zithunzi mazanamazana, motero mtengo wake unali wotsika. Njira yachiwiri inali ya mkuwa. Apa mmisiri ankagoba mizere pa chitsulo cha mkuwa, inki inkalowa m'mizeremo, ndipo pepala lonyowa linkayamwa inkiyo likapanikizidwa mwamphamvu. Njira imeneyi inachokera kwa osula golide, inkatulutsa mizere yosalala kwambiri, koma zithunzi zake zinali zokwererapo mtengo.

Wolgemut ndi anyamata ake ndi amene anakonza zithunzi za buku lalikulu la mbiri ya dziko lapansi limene Koberger anasindikiza mu 1493. Bukuli lili ndi zithunzi 1,809, koma matabwa amene anagwiritsidwa ntchito anali 645 okha. Izi zikutanthauza kuti nkhope imodzi inkaimira anthu angapo osiyana, dzina lokha n'kusintha. Mfumu ya ku Yuda ndi mfumu ya dziko lina zinkatha kuoneka chimodzimodzi. Umu ndi mmene zinthu zinalili pamene Dürer ankaphunzira, ndipo iye ndi amene anadzaonetsa kuti chithunzi cha pa thabwa chingathe kupatsa munthu aliyense nkhope ndi mtima wakewake.

Mmene ankaonera ngwazi za m'Chipangano Chakale

Akhristu a nthawi imeneyo sankamuona Samsoni kapena Davide payekha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1460 kunafala timabuku tosindikizidwa pa matabwa totchedwa Biblia Pauperum, kutanthauza Baibulo la osauka. Pa tsamba lililonse pankakhala chithunzi cha moyo wa Yesu pakati, ndipo mbali ziwirizi pankakhala nkhani ziwiri za m'Chipangano Chakale zolosera chapakaticho. Pambali pa Yesu wopachikidwa pankakhala Abrahamu akupereka Isaki ndiponso njoka ya mkuwa imene Mose anaipachika m'chipululu. Pambali pa kuuka kwa Ambuye pankakhala Yona akutuluka m'chinsomba ndi Samsoni atasenza zitseko za mzinda wa Gaza. Pambali pa Khristu akutsikira kumalo a akufa pankakhala Davide akupha Goliyati ndi Samsoni akung'amba mkango. Kawerengedwe kameneka kanachokera kwa Makolo a Mpingo, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amakafotokozabe pa ndime 128 mpaka 130.

Panalinso njira zina zoonetsera ngwazizi. Yoswa, Davide ndi Yudasi Makabeo ankaikidwa m'gulu la ngwazi zisanu ndi zinayi zopambana m'mbiri ya dziko, ndipo ankajambulidwa atavala zovala zachitsulo ngati asilikali a ku Ulaya. Hans Burgkmair wa ku Augsburg, mnzake wa Dürer pa ntchitoyi, anasindikiza zithunzi zotere ndipo anaonjezerapo amayi atatu olimba mtima, Estere, Yuditi ndi Yaele. Amisiri ena ankajambula Samsoni atagona pa miyendo ya Delila pofuna kuchenjeza anthu kuti ngakhale wamphamvu amagwa. Choncho munthu mmodzi yemweyo ankatha kukhala chithunzithunzi cha Khristu, chitsanzo cha msilikali, komanso chenjezo kwa ochimwa.

Ulendo wa mmisiri wachinyamata

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1490 Dürer anachoka kwawo monga mwa mwambo wa amisiri achinyamata, n'kuyenda zaka zinayi. Cholinga chake chachikulu chinali kukaphunzira kwa Martin Schongauer wa ku Colmar, yemwe anali katswiri woposa onse pa zithunzi za pa mkuwa. Koma atafika ku Colmar mu 1492 anapeza kuti Schongauer anamwalira kale mu Febuluwale 1491. Abale ake a malemuyo anamulandira bwino mnyamatayo. Kuchoka apo anapita ku Basel, kumene anajambula Jerome Woyera akuzula munga m'phazi la mkango, chithunzi chimene chinatsegula buku la makalata a woyerayo mu 1492.

Atabwerera ku Nuremberg anakwatira Agnes Frey pa 7 Julayi 1494. Banja lawo silinakhale ndi mwana. Chaka chomwecho mumzindamo munabuka mliri, ndipo Dürer anapita ulendo wake woyamba wolowera ku Italy, kumene anaphunzira mmene amisiri akumeneko ankajambulira thupi la munthu. Mu 1495 anatsegula malo akeake ogwirira ntchito. Sanadikire anthu olemera kuti amupatse ntchito. Ankasindikiza zithunzi zambiri, ndipo mkazi wake ndi mayi ake ankakazigulitsa m'misika, pamene anthu ena olembedwa ntchito ankapita nazo kumizinda yakutali. Pa chithunzi chilichonse ankaikapo chizindikiro chake, chilembo A chachikulu chokhala ndi D mkati mwake.

Samsoni ndi mkango

Cha m'ma 1497 kapena 1498 Dürer anatulutsa chithunzi cha pa thabwa chimene tikufuna tichiyang'anitsitse, cha Samsoni akung'amba mkango. Nkhani yake ili m'buku la Oweruza, mutu 14. Samsoni ali pa ulendo wa ku Timna anakumana ndi mwana wa mkango, Mzimu wa Chauta unamulowa, ndipo anaung'amba ndi manja okha.

Pa chithunzicho, chomwe kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 38, Samsoni waukwera mkango pamsana, phazi limodzi laponda pakhosi, manja awiri akukanula nsagwada zake. Tsitsi lake lalitali, chizindikiro cha lonjezo lake kwa Mulungu, lapotanapotana mofanana ndi manyenje a mkangowo. Kumbuyo kwake kuli mitengo, mapiri, madzi ndi nyumba zamalinga zofanana ndi za ku Germany. Dürer anamuika Samsoni m'dziko limene ogula chithunzicho ankalidziwa, kuti aone kuti nkhani ya chipulumutso si ya anthu akutali okha. Zithunzi za pa thabwa za amisiri oyambirira zinkafuna kupakidwa utoto kuti zioneke bwino. Ichi sichinafune utoto. Mizere yokha, ina yokhuthala, ina yopyapyala, ina yoyandikana, inakwanira kuonetsa kuwala ndi mthunzi, ubweya wa nyama, makwinya a malaya ndi mphamvu za mikono. Thabwa lenilenilo limene anasemapo lilipobe, ndipo likusungidwa ku Metropolitan Museum of Art mumzinda wa New York.

Munthu wa ku Nuremberg amene anazolowera timabuku tija akaona nsagwada za mkango zikukanulidwa ankakumbukira kukamwa kwa imfa kumene Khristu anakuthyola. Umboni woti Dürer ankaganiza chomwecho ulipo. Mu 1510 anakonza zojambula za manda a banja la Fugger m'tchalitchi la Anna Woyera ku Augsburg, ndipo anaika Samsoni akukantha Afilisiti moyandikana ndi Khristu wouka kwa akufa. Chaka chomwecho anatulutsa chithunzi cha Ambuye atagwetsa chitseko cha malo a akufa, akuwerama kutulutsa anthu olungama akale, Adamu ataima pambali atagwira mtanda. Chimene Samsoni anachita ndi mkango umodzi, Khristu anachichita ndi imfa ya anthu onse.

Chivumbulutso, Adamu ndi mwana wolowerera

Mu 1498 Dürer anatulutsa buku la Chivumbulutso cha Yohane m'Chilatini ndi m'Chijeremani, lokhala ndi zithunzi zikuluzikulu 15. Iye mwini ndiye anali wojambula komanso mwini bukulo, chinthu chachilendo nthawi imeneyo. Chaka cha 1500 chinali pafupi, miliri ndi nkhondo zinali zosatha, ndipo anthu ambiri ankaopa kuti dziko likutha. M'bukumo muli okwera pa akavalo anayi akupondereza anthu a mitundu yonse, komanso Mikaeli Mngelo Wamkulu akubaya chinjoka ndi mkondo umene waugwira ndi manja onse awiri. Pansi pa nkhondo yoopsayo Dürer anajambula mudzi wabata, wokhala ndi tchalitchi ndi minda, wosadziwa kanthu za nkhondo imene ikuchitika pamwamba pake. Buku limeneli linamutchukitsa mu Ulaya yense ali ndi zaka 27 zokha.

Pa mkuwa nayenso sanali wochepa. Cha m'ma 1496 anagoba chithunzi cha mwana wolowerera wa pa Luka 15, atagwada pakati pa nkhumba m'bwalo la mudzi wa alimi a ku Germany, maso ali kumwamba. Mu 1504 anatulutsa Adamu ndi Hava ali pafupi kudya chipatso. Pa mapazi awo pali mphaka ndi mbewa zitakhala pamodzi mwamtendere, ndipo woona amadziwa kuti tchimo likangochitika mtendere umenewo utha. Ntchito yotere inkafuna miyezi yambiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mzere umodzi wolakwika pa mkuwa unali wovuta kuufufuta.

Venice ndi mabuku a 1511

Kuyambira mu 1505 mpaka mu 1507 Dürer anakhala ku Venice. Amalonda a ku Germany okhala mumzindawo anamupatsa ntchito yojambula chithunzi cha pa guwa cha Maria Virigo ndi Mwana Yesu akuveka nkhata za maluwa Papa, mfumu ndi akhristu ena, polemekeza pemphero la kolona. Anachimaliza mu 1506 ndipo lero chili ku Prague. Atabwerera kwawo anagwira ntchito ya guwa lina limene analamula wamalonda Jakob Heller wa ku Frankfurt. Pokonzekera ntchito imeneyo mu 1508 anajambula manja awiri opemphera a mtumwi. Gawo lapakati la guwalo linapsa ndi moto mu 1729, koma kapepala ka manja opempherawo kanapulumuka, ndipo lero chithunzi chake chimapezeka pa makalendala ndi pa timabuku ta mapemphero m'mayiko ambiri, ngakhale ambiri sadziwa amene anachijambula.

Mu 1511 anasonkhanitsa zithunzi zake za pa thabwa m'mabuku. Anasindikizanso Chivumbulutso, n'kutulutsa Moyo wa Maria wa zithunzi 20, Masautso a Ambuye a zithunzi zikuluzikulu 12, ndi Masautso ena a tizithunzi 37. Mawu a Chilatini otsagana ndi zithunzi za mabuku atatu atsopanowa analemba ndi Benedictus Chelidonius, mmonke wa chipani cha Benedikito Woyera wa ku Nuremberg. Kabuku ka tizithunzi 37 kamayamba ndi kugwa kwa Adamu ndi Hava n'kukathera pa chiweruzo chomaliza. Kanali kakang'ono koti munthu n'kukagwira m'dzanja popemphera, ndipo kanali ngati katekisimu wa maso. Anthu ena ankakopera zithunzi zake n'kumagulitsa, motero m'mabukuwa Dürer anaikamo chenjezo lakuti mfumu yaikulu inaletsa mchitidwe umenewo.

Bambo ake anamwalira mu 1502, ndipo iye anatenga mayi ake n'kumakhala nawo mpaka pamene anamwalira mu Meyi 1514. Miyezi iwiri asanamwalire anawajambula ndi makala, nkhope yofooka ya mayi amene anaika m'manda ana ake ambiri. Chaka chomwecho anagoba Jerome Woyera, womasulira Baibulo m'Chilatini, akulemba m'chipinda chowala, mkango utagona mwamtendere pafupi ndi kagalu. Zaka zoposa 15 m'mbuyomo anajambula mkango ukugonjetsedwa ndi mikono, koma tsopano anaujambula utafatsa pa mapazi a nkhalamba yosinkhasinkha Malembo.

Mkangano wa zithunzi

Kuyambira mu 1512 Dürer anagwirira ntchito mfumu yaikulu Maximilian I, yomwe inamulonjeza malipiro a chaka ndi chaka. Mfumuyo itamwalira mu 1519, iye ndi mkazi wake anapita ku Netherlands mu 1520 kukapempha mfumu yatsopano, Charles V, kuti malipirowo apitirire. Ku Antwerp anaonerera mdipiti waukulu wolemekeza Maria wotengedwa kunka kumwamba ndipo anaufotokoza mwatsatanetsatane m'buku lake la ulendo. Pa ulendo womwewo anatenga matenda amene sanamusiye mpaka imfa.

Zaka zimenezi Mpingo ku Germany unali kugawikana. Sitingabise kuti Dürer ankawerenga mabuku a Martin Luther ndi kuwayamikira, ndipo mu 1525 akuluakulu a mzinda wa Nuremberg anatsatira chiphunzitso chatsopanocho. Koma panabuka nkhani imene inakhudza ntchito ya moyo wake wonse. Ku Wittenberg mu 1522 ndi ku Zurich mu 1524 zithunzi zinachotsedwa m'matchalitchi, ena n'kumaziphwanya, ponena kuti ndi mafano. Dürer sanagwirizane nazo. M'mawu otsegulira buku lake la miyezo la mu 1525 anafotokoza kuti chithunzi pachokha sichimusandutsa mkhristu kukhala wopembedza mafano, monga mmene kukhala ndi chida sikumusandutsa munthu kukhala wakupha. Maganizo amenewa sali kutali ndi a Papa Gregory Wamkulu, yemwe cha m'ma 600 analembera bishopu wa ku Marseille kuti zithunzi ndi buku la anthu osadziwa kuwerenga, kapena a Msonkhano Wachiwiri wa ku Nicaea wa mu 787. Matchalitchi akuluakulu a ku Nuremberg anasunga zithunzi zawo zambiri.

Mu 1526 anapereka kwa akuluakulu a mzinda mphatso ya matabwa awiri aatali oonetsa Yohane, Petro, Marko ndi Paulo. Pansi pake analembetsa mavesi ochenjeza za aphunzitsi onama. Petro wagwira kiyi, Paulo wagwira lupanga ndi buku, Marko wagwira mpukutu, ndipo Yohane watsegula Mthenga Wabwino. Zithunzizi lero zili ku Munich.

Albrecht Dürer anamwalira pa 6 Epulo 1528, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 57, ndipo anaikidwa m'manda a Yohane Woyera ku Nuremberg. Buku lake la miyezo ya thupi la munthu linatuluka chaka chomwecho iye atapita kale. Mkazi wake Agnes anamwalira mu 1539. Mu 1563 Msonkhano wa ku Trent unatsimikiza kuti zithunzi za Khristu, za Maria ndi za oyera zikhalebe m'matchalitchi, kuti ulemu umene timapereka kwa izo umapita kwa amene zikuwaimira, ndiponso kuti maepiskopi aziphunzitsa anthu tanthauzo lake.

Phunziro kwa ife

Dürer si woyera wa Mpingo, ndipo sitikumupereka kwa inu ngati woyera. Anali mmisiri wodziwa kufunika kwa luso lake ndi wosamala za ndalama, amene anakhala m'nthawi ya chisokonezo. Koma mbiri yake ikutikumbutsa chinthu chofunika, makamaka ife amene timaphunzitsa katekisimu. Chithunzi chimafika kumene buku silifika, komabe chimafuna wochimasulira. Mwana akaona Samsoni akung'amba mkango osauzidwa kanthu, adzangoona munthu wa mphamvu, mwina n'kulakalaka mphamvuzo. Akauzidwa kuti mphamvuzo zinachokera kwa Mzimu wa Mulungu, kuti Samsoni yemweyo anagwa atanyozera lonjezo lake, ndiponso kuti chigonjetso chake chinali kulosera chigonjetso cha Khristu pa imfa, pamenepo wawerenga chithunzicho monga mmene anthu a ku Nuremberg ankachiwerengera. Tikamagwiritsa ntchito zithunzi za m'Baibulo m'makalasi a katekisimu ndi m'miphakati, tisaleke kufunsa ana athu kuti ngwazi imene akuiona ikuwalozera kwa yani.